Sipanala yokha siikwaniranso ku Pretoria

Kale galimoto ikakana kulira, makaniko ankatsegula boneti, n'kutchera khutu, n'kununkhiza mawaya, kenaka n'kutchula vuto. Masiku ano mumzinda wa Pretoria, womwe khonsolo yake imatchedwa Tshwane, mwini galimoto akafika pagalaja sayamba ndi kufunsa mtengo. Amayamba wafunsa ngati pamalopo pali makina. Makina akunenedwawo ndi kakompyuta kam'manja kamene amakalumikiza pakabowo ka mapini 16 kobisika pansi pa chiwongolero, ndipo m'mphindi zochepa kamaonetsa zimene galimotoyo ikudandaula. Galaja yopanda kachipangizoka imangoona makasitomala akubwerera pageti.

Kusinthaku kwakhudza amisiri onse amene amadyera mawaya: okonza magetsi a magalimoto ang'onoang'ono, a maminibasi, a mabasi ndi mathiraki, a sitima zapamtunda, ngakhalenso a ndege za pabwalo la Wonderboom kumpoto kwa mzindawu. Ntchito yawo sikutha ayi, pakuti galimoto iliyonse yatsopano ikubwera ndi mawaya ndi makompyuta ochuluka kuposa inzake yakale. Chimene chachitika n'chakuti ntchitoyi yagawika pawiri. Kwina kuli mmisiri wa pepala, wodziwa kuwerenga mapu a mawaya ndi kumasulira zimene makina akunena, ndipo ameneyu mabwana amamulimbirana. Kwinako kuli mmisiri wa manja okha, amene akutsalira timaganyu ta ndalama yochepa. Mmalawi amene akulingalira zotsikira ku Joni ndi luso limeneli ndi bwino adziwiretu mbali imene akafikire.

Chimake cha magalimoto

Ambiri amaidziwa Pretoria ngati likulu la boma, kwawo kwa Union Buildings ndi maofesi a akazembe, kuphatikizapo wa dziko la Malawi. Koma mzindawu ndi chimakenso cha magalimoto. Kumpoto chakumadzulo kuli Rosslyn, kumene BMW idakhazikitsa fakitale mu 1973, yoyamba ya kampaniyi kunja kwa Germany. Kwa zaka zambiri fakitaleyi inkapanga 3 Series, koma kuyambira 2018 ikupanga X3. Ku Rosslyn komweko ndi kumene Nissan idamanga fakitale yake, ndipo kulinso malo olumikizira mathiraki ndi Automotive Supplier Park, mpanda waukulu wa makampani opanga zipangizo zimene mafakitalewa amagwiritsa ntchito. Kummawa kwa mzinda, ku Silverton, kufupi ndi Mamelodi, kuli fakitale ya Ford imene idatsegulidwa mu 1967.

M'zaka zapitazi ndalama zankhaninkhani zathiridwa m'malo amenewa. Mu Novembala 2019 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adakhazikitsa Tshwane Automotive Special Economic Zone, dera lapadera la makampani a zipangizo za galimoto logundizana ndi fakitale ya Ford. Mu Febuluwale 2021 Ford idalengeza kuti ithira R15.8 biliyoni kuti Silverton izitha kutulutsa magalimoto 200,000 pachaka, ndipo lero fakitaleyi imapanga Ranger komanso Amarok ya Volkswagen. Mu 2023 BMW idalonjeza R4.2 biliyoni kuti Rosslyn iyambe kupanga X3 yoyendera petulo ndi batire yotchajidwa pasoketi, nayo Ford idaonjezera R5.2 biliyoni ya Ranger ya mtundu womwewo. X3 yatsopanoyo idayamba kutuluka chakumapeto kwa 2024.

Chikukankha makampaniwa ndi msika. Pa magalimoto atatu aliwonse opangidwa ku South Africa, pafupifupi awiri amagulitsidwa kunja, makamaka ku Ulaya, ndipo maiko a kumeneko akhala akukhwimitsa malamulo okhudza utsi. Boma la South Africa lidaona kuti likachedwa litaya msikawo. Mu Disembala 2023 lidatulutsa ndondomeko ya magalimoto a magetsi, ndipo bajeti ya 2024 idalonjeza kuti kuyambira Malichi 2026 kampani yoika ndalama pa kupanga magalimoto otere izichotsa 150 peresenti ya ndalama zimene yaikazo pa phindu limene imalipirira msonkho.

Ndalama zalowa, ntchito zikutuluka

Munthu akamva mabiliyoni onsewa akhoza kuganiza kuti ntchito zili mbwee. Sizili choncho. Mu Malichi 2024 Nissan idasiya kupanga NP200, kabaki kamene kadatumikira amalonda ang'onoang'ono kwa zaka 16, ndipo idachenjezeratu kuti ntchito pafupifupi 400 zikhudzidwa. Mu Meyi 2025 likulu la kampaniyi ku Japan lidalengeza kuti litseka mafakitale 7 mwa 17 padziko lonse ndi kuchepetsa antchito 20,000, nkhani imene idasowetsa tulo mabanja a ku Soshanguve ndi Ga-Rankuwa odalira Rosslyn. Mu Ogasiti chaka chomwecho kudamveka kuti Ford ichotsa antchito oposa 470 ku Silverton ndi kufakitale yake ya injini ku Gqeberha chifukwa maoda achepa. Pamwamba pa izi, dziko la America lidaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto olowa kumeneko kuyambira Epulo 2025, pomwe pamsika wa m'dziko momwemo magalimoto otsika mtengo ochokera ku India ndi ku China, monga Suzuki, Chery ndi Haval, akudya gawo la opangidwa ku Gauteng.

Palinso nkhani ya maloboti. M'fakitale yamakono ntchito yowotcherera ndi kupenta thupi la galimoto imagwiridwa ndi makina, ndipo manja a anthu akufunika ochepa pa galimoto iliyonse yotuluka. Amene mpando wake walimba ndi uja wokonza makinawo akaima, chifukwa mzere wopangira magalimoto ukaima ola limodzi kampani imataya ndalama zambiri. Ameneyo ndi mmisiri wa magetsi ndi makompyuta oyendetsa makina.

Zonsezi zikuchitika m'dziko limene munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ofuna ntchito ali pa ulova. Wochotsedwa kufakitale sataya luso lake. Njira yachidule imene imamutsalira ndi kutsegula kagalaja kuseri kwa nyumba ku Mamelodi, Mabopane kapena Atteridgeville, ndipo kumeneko ndi kumene mpikisano ukukulira.

Kugalaja kulibe tchuti

Pamene mafakitale akuchepetsa anthu, magalaja akadali kalikiliki. South Africa ili ndi magalimoto olembetsedwa oposa 12 miliyoni, ndipo chigawo cha Gauteng ndicho chili ndi ambiri. Chuma chikavuta anthu sagula atsopano, amakakamira akale omwewo. Tsono galimoto ikamakalamba imayamba kudwala magetsi: mawaya amauma n'kuthetheka, mapulagi amachita dzimbiri, timasensa timafa m'modzim'modzi. N'chifukwa chake ku Pretoria West, Hermanstad, Gezina, Waltloo ndi Marabastad zikwangwani za amagetsi a galimoto zili paliponse.

Titenge minibasi ya Toyota Quantum yoyenda pakati pa Soshanguve ndi m'tauni. Kanyali kofiira ka batire kakayaka, dalaivala amadziwa kuti tsiku lamuipira, chifukwa mwini minibasi akudikira ndalama yake madzulo. Mmisiri amaika mita pa batire injini ili chizimire, ndipo batire yabwino imawerenga 12.6V. Akaliza injini nambalayo iyenera kukwera kufika cha m'ma 14V. Ikakhala pomwepo kapena kuyamba kutsika, ndiye kuti alternator sikutchaja. Amaimasula, n'kuiika pabenchi, n'kuitsegula pakati. Nthawi zambiri amapeza kuti timabulashi tiwiri ta kaboni taperepeseka, kapena regulator yafa, kapena ma diode apsa. Amasintha chowonongekacho, n'kumata ndi mtovu, n'kuiyesa pabenchi pomwepo, ndipo dzuwa lisanapendeke minibasi yabwerera pamzere.

Imeneyi ndiyo ntchito imene yalera mabanja kwa zaka zambiri, koma phindu lake likuchepa. Alternator ndi sitata zatsopano zotsika mtengo zadzaza m'masitolo a masipeya, moti eni magalimoto ambiri amangosankha kusintha chonsecho m'malo molipira munthu woti akhale nacho pabenchi. Amisiri opota mawaya a kopa m'masitata, amene kale ankapatsidwa ulemu waukulu, akusowa owasiyira lusolo.

Ndalama yasamukira kwina. M'galimoto yamakono muli makompyuta ang'onoang'ono makumi angapo: ya injini, ya giya, ya mabuleki, ya ma airbag, ya zitseko. Onsewa amalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch idatulutsa mu 1986. Waya mmodzi mwa awiriwa akangokhulika n'kukhudza chitsulo, dashibodi yonse imayaka nyali, ndipo makina amatulutsa mndandanda wautali wa zolakwika. Wosadziwa amayamba kutuma mwini galimoto kukagula sipeya uyu ndi uyo, vuto osatha. Wodziwa amamasula batire, n'kuika mita pa pini 6 ndi pini 14 pakabowo kaja. Ikawerenga ma ohm 60, mzerewo uli bwino. Ikawerenga 120, waya waduka penapake kapena kompyuta ya kumapeto kwa mzere yachoka. Ikatsikira kufupi ndi 0, mawaya agundana. Kuyeza kumeneku sikufika mphindi zisanu, koma kumapulumutsa ndalama zochuluka. Makina ali ngati wodwala wouza dokotala pamene pakupweteka. Kupeza matenda enieniwo ndi ntchito ya dokotalayo.

Ngakhale zida zakale zasanduka zoopsa. Kanyali koyesera moto kamene mmisiri aliyense ankayenda nako m'thumba kakhoza kuwotcha kompyuta ya injini, kapena kuphulitsa airbag, kakagusidwa pa waya wolakwika.

Ntchito zina zabadwa chifukwa cha mavuto a dzikolo. Umbava wa magalimoto wachititsa kuti makampani a inshuwalansi azikakamiza eni magalimoto ambiri kuika zipangizo zolondolera galimoto ikabedwa, ndipo makampani monga Tracker, Netstar ndi Cartrack amadalira amisiri oika ndi kukonza zipangizozi. Eni mathiraki nawo akuika makamera, zoyezera mafuta ndi zoonera liwiro la dalaivala. Makiyi a masiku ano safuna kusula kokha, amafunanso kuwalembetsa mukompyuta ya galimoto. Ndipo mu 2023, kuzimazima kwa magetsi a Eskom kutafika pachimake, odziwa za mabatire adapezanso msika woika ma inverter ndi sola m'nyumba za anthu.

Chitseko chidatseguka pa 1 Julayi 2021

Kwa zaka zambiri galimoto yatsopano inkayenera kukonzedwa kwa dila wa kampani yake basi, apo ayi waranti inkatha. Magalaja oima paokha ankangodikira magalimoto okalamba. Pa 1 Julayi 2021 bungwe loona za mpikisano pamalonda la Competition Commission lidayambitsa ndondomeko yatsopano. Tsopano mwini galimoto ali ndi ufulu wokakonzetsa kugalaja imene wasankha ngakhale waranti isanathe, ndipo opanga magalimoto akuyenera kulola amisiri oima paokha kupeza mabuku aukadaulo ndi mapulogalamu okonzera.

Chitseko chidatsegukadi, koma wolowa ndi amene ali wokonzeka. Mwini galimoto ya ndalama zambiri amafuna galaja yolembetsedwa, ya inshuwalansi, yosunga mbiri ya ntchito iliyonse imene yagwiridwa. Makina abwino ndi odula, ndipo mapulogalamu ake amalipiridwa chaka ndi chaka. Magalaja amene ali m'mabungwe monga Retail Motor Industry Organisation ndi nthambi yake ya Motor Industry Workshop Association ndiwo ali ndi mwayi woyamba. Kumeneko malipiro satsika pa mlingo umene bungwe la MIBCO limakhazikitsa pokambirana ndi mabungwe a antchito monga NUMSA, ndipo mlingowo umasiyanitsa mmisiri wa pepala ndi womuthandizira. Anthu awiri akhoza kugwira ntchito imodzi pagalimoto imodzi, koma pakutha pa sabata mmodzi n'kutenga ndalama yoposa ya mnzake kutalitali, kusiyana kwake pepala basi.

Kunjanji: mawaya adabedwa, amisiri akufunika

Pretoria ndi mzindanso wa njanji. Ku Koedoespoort, kummawa kwa tauni, kuli malo aakulu a Transnet Engineering okonzera ndi kulumikizira mitu ya sitima. Mu 2014 Transnet idagula mitu ya sitima 1,064, ya magetsi 599 ndi ya dizilo 465, ndipo ina mwa iyo idalumikizidwira ku Koedoespoort. Pambuyo pake kafukufuku wa komiti ya Zondo adapeza katangale pa kagulidweko, ndipo mkangano ndi kampani ya ku China ya CRRC udachititsa kuti mitu yoposa 100 ingokhala chiimire kusowa masipeya. Katundu wonyamulidwa panjanji adatsika kuchoka pa matani 226 miliyoni m'chaka cha 2017/18 kufika pafupifupi matani 150 miliyoni mu 2022/23. Katundu wotsalayo adakwera mathiraki, ndipo misewu ya N1 ndi N4 yodutsa pa Pretoria idadzaza. Tsoka la njanji lidasanduka mwayi wa amagetsi a mathiraki, amene amaitanidwa usiku ndi usana kukadzutsa chilole cha 24V chimene chafera panjira.

Sitima zonyamula anthu nazo zidaona zakuda. Mu Malichi 2019 Ramaphosa mwiniwake adakwera sitima ku Mabopane kupita ku Pretoria, ndipo ulendo wosafika ola limodzi udamutengera maola oposa atatu. Kumapeto kwa chaka chomwecho njanji ya Mabopane idatsekedwa chifukwa cha kubedwa ndi kuonongedwa kwa zipangizo, ndipo m'nyengo ya Covid-19 mbava zidamaliza kukolola mawaya a kopa m'njanji zambiri za Gauteng. Njanji ya Mabopane idatsegulidwanso kumayambiriro kwa 2022, ndipo kuyambira pamenepo bungwe la PRASA lakhala likudzutsa njanji zina imodziimodzi.

Sitima zimene zabwera si zachikasu zakale zija. Ndi zabuluu zopangidwa ndi kampani ya Gibela, imene mu 2013 idasainira mgwirizano wopanga sitima 600, ndipo fakitale yake ili ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel. Za ku Pretoria zimasamalidwa kudepoti ya Wolmerton, kumpoto kwa mzinda. Zitseko zake, mabuleki, zoziziritsira mpweya, makamera, zonse zimayendetsedwa ndi makompyuta, moti mmisiri amalowa musitima atanyamula laputopu. Mawaya a pamwamba pa njanji za PRASA amanyamula 3,000V, pomwe a Gautrain, imene idafika ku Pretoria ndi Hatfield mu Ogasiti 2011, amanyamula 25,000V. Pamalo otere palibe zoti ndidaphunzira poonerera amalume. Amalowa ndi amene ali ndi pepala, wophunzitsidwa za chitetezo, ndipo akalowa ntchito yake imakhala yokhazikika kuposa ya kugalaja.

Boma layambanso kulola makampani omwe si aboma kuyendetsa sitima za katundu panjanji za Transnet. Kampani ya Traxtion ili kale ndi malo okonzera mitu ya sitima ku Rosslyn. Sitima zikachuluka panjanji, owerenga mapu a mawaya ake adzafunikanso ochuluka.

Mawaya a mtundu wa lalanje

Magalimoto oyendera batire yokha akadali ochepa m'misewu ya Tshwane. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo anthu amene adazunzika ndi kuzima kwa magetsi sathamangira kugula galimoto yodalira soketi. Amene akuchuluka ndi a haibulidi, ophatikiza injini ndi batire, monga Toyota Corolla Cross imene yakhala ikupangidwa ku Durban kuyambira 2021, ndi ena ochokera ku China.

Mmisiri akatsegula boneti ya galimoto yotere amaona mawaya onenepa a mtundu wa lalanje. Mtunduwo ndi chenjezo. Batire ya galimoto wamba ndi 12V, ndipo ikakulakwira imangothetheka moto n'kukuotcha chala. Ya haibulidi imafika cha m'ma 200V, pomwe ya galimoto ya magetsi okha imakhala 400V, ina mpaka 800V. Mphamvu imeneyi imaimitsa mtima. N'chifukwa chake pali ndondomeko yosadumphika. Mmisiri amavula mphete ndi wotchi, amazimitsa galimoto n'kuika kiyi patali, amamasula batire yaing'ono, amavala magolovesi a labala oyesedwa kufika 1,000V, kenaka amazula pulagi yodulira batire yaikulu n'kuisunga m'thumba mwake kuti wina asaibwezere iye ali mkati mogwira ntchito. Akatero amadikira mphindi zingapo kuti moto wotsalira utsike, ndipo sagwira chilichonse asanatsimikize ndi mita. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pano wosafunsa sapeza mpata wolavula.

Galimoto ya magetsi ilibe oyilo wa injini, mapulagi, lamba wa injini kapena paipi ya utsi. Zambiri zimene makaniko wamba amadyera mulibemo. Zotsala ndi batire, mota, inverter ndi mapulogalamu, zomwe ndi gawo la wamagetsi. Malire a pakati pa makaniko ndi wamagetsi akufufutika, ndipo magalaja aakulu akufuna munthu mmodzi wodziwa zonse ziwiri.

Njira ya pepala

Ku South Africa munthu amatchedwa mmisiri weniweni akakhoza mayeso a luso lake, ndipo setifiketi yake anthu amaitchula kuti Red Seal. Imaperekedwa ndi bungwe la QCTO. Njira yodziwika ndi kuphunzira kukoleji, monga Tshwane North TVET College, yomwe ili ndi nthambi ku Rosslyn, Soshanguve ndi Mamelodi, kapena Tshwane South TVET College, yomwe ili ndi nthambi ku Pretoria West, Atteridgeville ndi Centurion, kenaka n'kuphunzira ntchito pansi pa bwana kwa zaka zitatu kapena zinayi. Bungwe la merSETA ndilo limathandiza ndi ndalama za maphunziro otere m'gawo la magalimoto. Mayeso amalembedwa m'malo ovomerezeka, ndipo otchuka kwambiri ndi INDLELA ku Olifantsfontein, kummwera kwa Pretoria.

Dzikoli lidadziikira chandamale chotulutsa amisiri 30,000 chaka chilichonse pofika 2030. Chopinga chachikulu si kusowa kwa achinyamata ofuna kuphunzira, koma kusowa kwa magalaja ndi mafakitale oti awalandire kuti aphunzire ntchito yamanja. Wachinyamata amamaliza za m'kalasi n'kukhala pakhomo kudikira malo, uku mabwana akudandaula kuti amisiri odziwa makina sakupezeka.

Kwa amene adaphunzirira ntchito pagalaja, osapita kukoleji, pali njira yotchedwa ARPL. Munthu amasonyeza umboni wa zaka zimene wagwira ntchito, amayesedwa kuti aone pamene akuperewera, amaphunzitsidwa zoperewerazo, kenaka amaloledwa kulemba mayeso. Umboni wofunikawo ndi makalata a mabwana ofotokoza ntchito zimene munthu ankagwira ndi nthawi yake. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa adagwira ntchito zaka khumi osatenga kalata ngakhale imodzi.

Mmalawi ali pati?

Ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa ife. Agogo athu adapita pa Wenela ndi pa Theba kukakumba migodi, ndipo adzukulu awo akupita kukagwira ntchito za m'nyumba, m'minda, m'masitolo, m'zomangamanga ndi m'magalaja. Kalembera wa South Africa wa 2011 adapeza anthu obadwira ku Malawi oposa 86,000, pomwe wa 2022 adapeza pafupifupi 200,000. Basi yochoka ku Blantyre kapena Lilongwe imadutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kutsika ndi N1, ndipo Pretoria ndi mzinda umene munthu amauona asanafike ku Johannesburg.

Pachipata Mmalawi amadindiridwa masiku 30 ochezera, osati ogwirira ntchito. Masikuwo akatha, amene alibe chilolezo amakhala moyang'ana kumbuyo, poopa kukathera ku Lindela, kumene amasungira alendo oti abwezedwe kwawo. Lamulo limaletsa bwana kulemba munthu wopanda chilolezo, kotero makomo a dila, a fakitale ndi a njanji amakhala otseka kwa iye ngakhale manja ake atakhala a golide. Chomutsalira ndi galaja ya kuseri, kumene malipiro ndi a pakamwa, ndipo tsiku limene kulibe galimoto kulibenso ndalama. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adafika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo khoti la za ntchito lidagamula mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chidatha ali ndi ufulu wokadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Koma munthu woopa kugwidwa sapita kukadziwonetsa kuofesi.

Palinso nkhanza zochitira alendo. Mu Febuluwale 2017 mumzinda wa Pretoria mudachitika zionetsero zodana ndi obwera, ndipo mu 2019 masitolo a alendo adatenthedwa ndi kuberedwa m'katikati mwa tauni. Kuyambira 2022 boma lakhala likukonza ndondomeko yoika malire a chiwerengero cha alendo olembedwa m'magawo ena a ntchito. Zikatero, woyamba kukankhidwa ndi uja wogwira ntchito imene aliyense angathe. Wosowa kumupeza, monga katswiri wa makina kapena wa mabatire a haibulidi, bwana amamumenyera nkhondo.

Choncho amene watsimikiza zopita asanyamule masipanala okha. Anyamule setifiketi yake ya Trade Test kapena ya TEVETA, makalata a magalaja onse amene adagwirako, ndi pasipoti yosatha msanga. Bungwe la SAQA, limene likulu lake lili ku Pretoria komweko, ndilo limaunika masetifiketi a kunja n'kunena mlingo wake ku South Africa, ndipo popanda kuunikako pepala la kumudzi limangokhala chikumbutso.

Nako kumudzi msika ulipo

Pali chinthu chimodzi chimene Malawi ikusiyana ndi South Africa. Dziko la South Africa sililola malonda a magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, pofuna kuteteza mafakitale ake. Ife timadalira omwewo, makamaka a ku Japan olowera pa Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Tsono ku Japan haibulidi idafala kalekale, ndipo Toyota Aqua, Prius, Honda Fit ndi Nissan Note zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pomwe kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta kukuchititsa kuti anthu aziwakonda. Magalimotowa amafika mabatire ake atatopa kale. Mmisiri wa ku Biwi kapena ku Ndirande akukumana ndi mawaya a lalanje lero lomwe, nthawi zambiri wopanda magolovesi, wopanda buku, wopanda womuphunzitsa.

Apa pali ntchito ya TEVETA ndi makoleji athu a Soche, Lilongwe, Mzuzu, Nasawa, Namitete, Salima ndi Livingstonia. Wophunzira za magetsi a galimoto asatuluke pakoleji asanagwireko makina oyezera, asanawerengeko mapu a mawaya a galimoto yamakono, asanaphunzire kudula batire ya haibulidi mosaika moyo pachiswe. Eni magalaja nawo azipereka makalata kwa anyamata ndi atsikana amene akuwaphunzitsa, chifukwa kalatayo ndi imene idzawatsegulire khomo la mayeso.

Ndipo inu amisiri amene muli kale ku Pretoria West, ku Mamelodi kapena ku Soshanguve, ndalama yoyamba yotsala musathamangire nayo foni yatsopano. Gulani mita yabwino ndi makina oyezera, phunzirani kuwerenga mapu a mawaya, konzani zikalata zanu, ndipo funsani za mayeso a ARPL mudakali ndi mphamvu. Luso limenelo lidzakudyetsani ku Tshwane, ndipo tsiku lobwerera kumudzi mudzapeza Aqua ikukudikirani pagalaja.